Mafuta a nsatsi ndi odzola, si mankhwala a nthenda iliyonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa za malonda a mafuta a zomera amene afala masiku ano. Mukakwera basi ya ku Salima kapena ya ku Balaka simulephera kukumana ndi mnyamata wa chikwama chodzaza timabotolo, ndipo mukatsegula foni mupeza zomwezo pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok. Akuti mafuta a nsatsi mukadontheza pamchombo pogona, mimba imaphwa, zotupa za m'chiberekero zimasungunuka, wosabereka amaima. Akuti mukadontheza m'maso ng'ala imachoka. A malambe akuti amafafaniza khansa ya pakhungu, a nimu ndiye amathana ndi shuga. Ine ndine mzamba wopuma. Ndinagwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja mpaka imvi kudzaza mutu, komanso ndine mdzukulu wa mayi amene ankayenga mafuta a nsatsi chaka ndi chaka. Mafutawa ndimawadziwa, ndimawakonda, ndipo ndimadzola mpaka lero. N'chifukwa chake mabodzawa akundiwawa kuposa mmene angamuwawire munthu amene sanagwirepo nsupa.

Ana a masiku ano ambiri akuyesa kuti mafuta a nsatsi anayambira m'botolo la m'sitolo, choncho ndiyambe ndafotokoza mmene agogo ankachitira. Nsatsi sizinkadzalidwa m'mizere ngati chimanga. Zinkamera zokha kudzala, kuseri kwa khola ndi m'mbali mwa dimba, ndipo wolima ankangozilambalala ndi khasu. Zikakhwima m'chilimwe agogo ankathyola matsango ake n'kuyanika pabwalo losesa bwino. Dzuwa likafika paliwombo mumazimva zikuthetheka zokha, njere zikudumpha, ndipo ntchito ya ife ana inali kutola zimene zadumphira kutali. Akapeta ankakazinga paphale mpaka fungo litafika kwa aneba, kenako n'kusinja mu mtondo wakewake umene sunkalowa chimanga kapena nsinjiro. Zosinjazo ankathira mumphika wa madzi n'kuwiritsa pamoto wofatsa pafupifupi tsiku lonse. Mafuta ankayandama pamwamba, iwo n'kumawengula ndi chipande pang'onopang'ono, kenako n'kuwaphikanso m'kamphika kena kuti timadzi totsalira tiphwe. Ankati mafuta osaphwa madzi sachedwa kununkha, ndipo n'zoona. Akazizira ankawatsanulira m'nsupa n'kutseka ndi chitsononkho. Ankatiletsa kusewera pafupi ndi mphika, ati mafuta athawa. Ine ndimaganiza kuti ankangofuna ana atalikire moto.

Nsenga zotsala mumphika sankataya paliponse. Ankazikwirira kumunda, kutali ndi nkhuku, mbuzi ndi ana. Agogo sanapondepo m'kalasi, koma ankadziwa chimene ife tinakachimva kusukulu ya unamwino, chakuti njere ya nsatsi ili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin. Poizoniyo salowa m'mafuta, amatsalira m'nsenga, ndipo kutentha kumamufoola. Mtondo wakewake uja, kukazinga kuja, kuwiritsa tsiku lonse kuja, zonsezo zinali ndi chifukwa. Lero ndikuona pafoni ena akulangiza atsikana kumeza njere za nsatsi zaziwisi ati ndi njira yolera. Njere zochepa chabe zotafuna zikhoza kupha mwana, ndipo wamkulu zimamusanzitsa ndi kumutsegula m'mimba mpaka kumugoneka m'chipatala. Njira zolera zili m'zipatala za boma, n'zaulere.

Mafutawo ankagwira ntchito zambiri. Tikasamba kumtsinje, titakwecha mapazi pamwala, tinkadzola khungu likadali lonyowa. Mu June ndi July, mwera ukamawomba, mwana wosadzola ankachita kutuwa mbuu, milomo kusweka, mapazi kuchita zikang'a ndi ming'alu yotuluka magazi. Ming'alu imeneyo agogo ankaipaka mafuta a nsatsi ofunditsa madzulo aliwonse mpaka itatsekeka. Namwali potuluka ankamusambitsa n'kumudzoza thupi lonse mpaka kunyezimira, mikanda ili m'khosi. Mayi wochira kumene ankamuthowa ndi madzi ofunda n'kumusisita msana ndi mafuta omwewo. Amuna ankafewetsera zikopa, ndipo oimba ng'oma za likhuba ku Chigwa cha Shire amamata nsatsi zosinja pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mawu amene akufuna. Pa zonsezi sindinamvepo agogo akunena kuti mafuta awo amasungunula chotupa cha m'mimba. Akanatero anzawo akanawaseka.

Nanga tinawasiyiranji? Choyamba chinali manyazi. Vaselini atafika m'magolosale, woyera, wosanunkha utsi, mwana wopita kusukulu atadzola nsatsi ankasekedwa kuti akununkha kumudzi. Chachiwiri chinali mantha. Kuyambira nthawi ya Mchape m'zaka za m'ma 1930, pamene anthu ankaunjika nyanga ndi zithumwa pabwalo, nsupa iliyonse inayamba kuoneka ngati ya ufiti, ndipo alaliki ena pambuyo pake anapitiriza kuuza otembenuka mtima kuti atenthe nsupa zonse osafunsa kuti muli chiyani. Amayi ambiri anataya nsupa za mafuta odzola chabe poopa kunenedwa. Luso loyenga linapita nazo limodzi. Pamudzi pathu pano amene angayenge mafuta abwino osafunsa munthu atsala owerengeka, ndipo onse ndi okalamba kuposa ine.

Tsopano taonani mmene zabwererera. Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe anabwera ndi kabotolo kolembedwa Jamaican Black Castor Oil, akunyadira kuti ndi mafuta apamwamba a tsitsi ochokera kunja. Nditatsegula ndinamva fungo la paphale la agogo. Ku Jamaica nakonso amakazinga, kusinja ndi kuwiritsa, n'chifukwa chake mafuta ake ndi akuda, ndipo eni ake amati lusolo linawoloka nyanja ndi akapolo ochokera kuno ku Africa. Oyera aja a m'mafamase amachita kufinya ndi makina, ndipo ambiri amachokera ku India, makamaka chigawo cha Gujarat, kumene kumalimidwa nsatsi zambiri kuposa kwina kulikonse padziko lapansi. Ife nsatsi zikumera kudzala, tikuzitchetcha ngati tchire, kwinaku tikufunafuna madola oitanitsira mafuta ake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mafuta odzola a m'sitolo anakwera moti mabanja ambiri kuno anasiya kugula, ana n'kumayenda otuwa, pamene chodzola chili kuseri kwa khola.

Chimene mafuta amachita pakhungu n'chosavuta kumva. Khungu limataya madzi tsiku lonse, makamaka kukamazizira, kukamawomba mphepo, kapena munthu akamasamba sopo wochapira zovala. Mafuta amatseka pamwamba kuti madziwo asathawe msanga, khungu n'kufewa, ming'alu n'kupeza mpata wopola yokha. N'chifukwa chake kudzola mukangotuluka m'bafa kumathandiza kuposa kudzola khungu litauma kale. A nsatsi ndi olemera, onanda, chifukwa pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse ndi mtundu umodzi wa mafuta wotchedwa ricinoleic acid. Amayenera kumapazi, m'zigongono, m'mawondo ndi kutsitsi louma, koma kumaso kwa wachinyamata wa ziphuphu ine sindingamulangize. Achipatala nawonso sawanyoza: kirimu wa zinc and castor oil amene timapaka makanda osupuka ndi matewera ali ndi mafuta omwewa. Tsitsi lodzola silithothoka msanga popesa, ndiye limaoneka ngati likukula mofulumira, koma dazi la abambo silinamerepo tsitsi chifukwa cha nsatsi, akanakhala kuti amameretsa bwenzi m'midzi mwathu mulibe wadazi. Ena khungu lawo limadana nawo. Woyamba kumene apake pang'ono mkati mwa mkono, adikire tsiku limodzi kapena awiri, akaona zidzolo kapena kuyabwa asiye.

Zimene ndinaziona m'chipinda chochiritsira ndi zimene zandikakamiza kulemba. Nyengo yozizira ana amagwera pamoto, odwala khunyu nawonso, ndipo ambiri ankafika atapakidwa kale mafuta, ena mazira, ena mankhwala otsukira mano. Mafuta pabala la moto latsopano amasunga kutentha mkati, bala n'kupitirira kuzama, ndipo ife pochotsa mafutawo kuti tione kukula kwa bala mwana ankalira mpaka mawu kutha. Chofunika ndi kuthira madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kufunditsa kansalu koyera, n'kuthamangira kuchipatala. Mafuta nthawi yake ndi pamene bala lapola, kuti chipsera chisaume n'kumang'ambika.

Pamchombo wa khanda ndiye ndimachita kunjenjemera. Mchombo usanagwe ndi khomo lotseguka lolowera m'magazi a mwana. Mafuta a m'nsupa yosatsuka, osakaniza ndi phulusa kapena mwaye, ndiwo ankabweretsa mafinya ndi kafumbata, mwana n'kuuma nsagwada osatha kuyamwa. Amene anaonapo khanda la kafumbata likugwedezeka ndi kaphokoso kakang'ono saiwala. Masiku ano kuchipatala kuli mankhwala a chlorhexidine opaka pamchombo, ndipo china chilichonse chisafikepo. Chimodzimodzi liwombo. Likalowa mkati mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Kumata mafuta ndi mizu pamutu sikubweza madziwo. Mwanayo akufunika bere, Thanzi ORS ndi chipatala tsiku lomwelo.

Kumwa ndiye nkhani ina. Mafuta a nsatsi amatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo achikulire anzanga akukumbukira mmene ankatimwetsera ati kutsuka m'mimba. Kwa mayi woyembekezera amatha kuyambitsa matenda nthawi isanakwane. Ena amawaphatikiza ndi mwanamphepo kuti achire msanga, mimba n'kumakoka mosalekeza njira isanatseguke, mwana n'kubanika, nthawi zina chiberekero kuphulika. Ndinaperekezapo amayi otere mu ambulansi usiku, ndipo si onse amene ndinabwerera nawo. Mafuta a nimu, amene mitengo yake yadzaza ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Salima, ndi owawa ndipo tizilombo tina timawathawa, koma madokotala a ku India ndi ku Malaysia analemba kalekale za makanda amene anamwetsedwa mafutawa n'kuyamba kusanza, kukomoka ndi kugwidwa ndi zinjenje, ena mpaka kumwalira. Palinso nsatsimanga, ija anatilimbikitsa kudzala m'malire a minda m'zaka za m'ma 2000 ati tipangire mafuta a galimoto. Mitengo yake idakalipo m'mipanda, ana amadya njere zake poyesa mtedza n'kudzazana m'chipatala, ndipo mafuta ake amaotcha khungu. Munthu wogula kabotolo kopanda chizindikiro m'basi adziwa bwanji kuti woyengayo sanasakanize ziwirizi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za m'maso ndingonena mwachidule. Ng'ala ili mkati mwa diso, ndipo imachoka ndi opaleshoni yaifupi imene madokotala a maso amachita ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma. Mafuta oyengera pabwalo, ngakhale abwino chotani kumapazi, sali oyera mokwanira kulowa m'diso. Ndipo kwa achinyamata amene sachita manyazi kumva zoona kwa gogo: mafuta alionse, a nsatsi, ophikira kapena Vaselini, amafoola kondomu mpaka kuphulika.

Choopsa china sichichokera m'mafutamo koma m'nthawi imene imatayika. Mphere zimayamba ndi tizilombo tokumba pansi pa khungu, ndipo zimafuna mankhwala opaka a benzyl benzoate, banja lonse kupaka tsiku limodzi, zofunda kuchapa ndi kuyanika padzuwa. Zipere za m'mutu mwa ana zimafuna mapiritsi a milungu ingapo. Mafuta amangoziziritsa kuyabwa, matenda ali phee kufalikira kalasi yonse. Mawanga akuda otupa m'miyendo akhoza kukhala khansa ya Kaposi. Mayi wotaya magazi mosalekeza amene akudontheza mafuta pamchombo miyezi isanu ndi umodzi akhoza kukhala ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, pamene kuyezetsa kwake ndi kwa mphindi zochepa. Wodwala shuga amene ali ndi kachilonda kuphazi akachedwa mwezi umodzi akupaka mafuta, phazilo likhoza kudulidwa. Abale athu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo oposa 134,000, asanamizidwe kuti mafuta a malambe kapena a chammwamba alowa m'malo mwa mafuta oteteza kudzuwa. Salowa. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta a kuchipatala aja ndizo zimawateteza ku khansa.

Wina anena kuti ndine wa chipatala, ndiye ndikunyoza zamakolo. Ayi. Ine ndimakhala pafupi ndi Mua, kumene kunali chipatala cha akhate kuyambira zaka za m'ma 1920, monganso ku Utale ndi ku Malamulo. Kodi mukudziwa mankhwala amene azungu ankabaya akhate nthawi imeneyo? Anali mafuta a mtengo. Amatchedwa chaulmoogra, ochokera ku njere za mitengo ya ku India ndi ku Burma, ndipo asing'anga a kumeneko anali atawagwiritsa ntchito zaka mazanamazana madokotala asanawadziwe. Kumwa kwake kunali kosanzitsa, kubaya kwake kowawa zedi. Mtsikana wachikuda wa ku America, Alice Ball, katswiri wa sayansi ku Hawaii, ndiye anapeza njira yowakonzera kuti azitheka kubaya bwino cha m'ma 1915, ndipo anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 24 zokha. Mafutawo anathandizako ena, ambiri osachira. Mankhwala a dapsone atabwera m'zaka za m'ma 1940 madokotala anawasiya, ndipo mu 1981 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuphatikiza mankhwala angapo, njira imene inathandiza Malawi kutsitsa khate mpaka kufika mlingo wotsika umene bungweli linaika, mu 1994. Apa palibe amene ananyoza chikhalidwe cha Amwenye. Mafuta anatengedwa, anayesedwa, anagwira ntchito mmene akanathera, ndipo chabwino chitapezeka anapuma. Ndi mmenenso ndikufunira kuti mafuta athu achitidwe. Khatelo, tisaiwale, silinatheretu. Banga loyererako limene silimva kukhudza si lopaka mafuta, ndi lokaonetsa kuchipatala, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Kuyesa kumeneku kumatulutsa zodabwitsa mbali zonse ziwiri. Ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, madokotala anapaka mafuta a mpendadzuwa makanda obadwa masiku asanakwane amene anali m'chipatala, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2005 zinaonetsa kuti makandawo sankagwidwa matenda a m'magazi kawirikawiri ngati anzawo osapakidwa. Mpendadzuwa womwewu wa ku Mchinji ndi ku Phalombe. Koma ofufuza a ku Sheffield, ku Britain, anapeza mu 2013 kuti mafuta a olive, amene amayi a m'tauni amagula modula poyesa kuti ndiwo apamwamba, amafooketsa chitetezo cha khungu akamapakidwa tsiku ndi tsiku. Ndani akanalota? Mafuta onse si amodzi, ndipo mtengo wa botolo sunena kanthu za ubwino wake.

Nsatsi si zokha zimene tili nazo. Kuno ku Mtakataka ndi ku Golomoti, komanso ku Mangochi, ku Zalewa ndi ku Neno, malambe amaunjikidwa m'mbali mwa msewu nyengo yake ikafika. Amayi amasungunula ufa wake kupangira mafirizi ndi madzi akumwa, njere n'kuzitaya kudzala. Njere zimenezo zili ndi mafuta opepuka, olowa msanga pakhungu, amene makampani a zodzola ku Ulaya amawafuna. N'zolimba, mtondo sungazithe, zimafuna makina ofinyira, ndipo mafuta ake amatuluka ochepa, n'chifukwa chake ndi odula. Ndi odzola, si ophikira ndiwo. Ufa wa malambe unaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya m'maiko a European Union mu 2008 bungwe la PhytoTrade Africa litaumenyera nkhondo, ndiye msika wa mtengo umenewu si maloto. Palinso msikidzi, umene anzathu a ku Mozambique amautcha mafurra ndipo akhala akupangira sopo ndi mafuta odzola kuyambira kale. Pali mpinjipinji, umene njere zake akale ankafewetsera khungu ndi zikopa. Pali chitowe, pali mawese a ku Karonga.

Mfula ndiye umandimvetsa chisoni. Amene anaswapo nthangala yake akudziwa ntchito yake: kuiika pamwala, kuimenya mosamala kuti maso ake atseguke, n'kutokosola timtedza ta mkati ndi kaminga kapena kawaya, dzuwa n'kulowa kambale kasanadzaze. Kumpoto kwa Namibia amayi anasandutsa ntchito yomweyi chuma. Anapanga kopaletivi yotchedwa Eudafano, imene inalembetsedwa mu 1999, ali ndi fakitale yawo ku Ondangwa, ndipo mafuta awo akhala akugulidwa ndi makampani akuluakulu monga The Body Shop. Ku Morocco amayi oswa njere za argan anafika poti luso lawo linalembedwa ndi UNESCO mu 2014 ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lapansi, ndipo mtengowo uli ndi tsiku lake la United Nations, pa 10 May. Kwathu kuno mfula tikuwotcha makala ndi kusema mitondo. Ena amadula mitengo imene sibala ati ndi yopanda ntchito, osadziwa kuti mfula uli ndi waumuna ndi waukazi, ndipo mukatha yaimuna yaikazi nayonso imaleka kubala. Mafumu athu akanati aziteteza mfula, milambe ndi misikidzi mmene amatetezera mitengo ya kumanda, bwenzi adzukulu athu ali ndi poyambira.

Chondiopsa n'chakuti mabodza a m'basi adzapha msika umenewu usanabadwe. Tsiku limene mwana wa munthu wodziwika adzavulale diso kapena kumwalira ndi kabotolo kopanda dzina, boma lidzaletsa zonse mwaukali, ndipo wolangika adzakhala gogo wa ku Golomoti amene amayenga mafuta oona n'kumagulitsa ngati odzola basi. Wabodza uja adzangosintha katundu m'chikwama. Tinazionapo ndi mafuta oyeretsa khungu, aja okhala ndi mekyule, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu a steroid, amene atentha nkhope za ana athu ambiri: amaletsedwa, amabisidwa pansi pa tebulo, mawa abwereranso ndi dzina lina. Ena mwa mafuta amenewa lero akulembedwa kuti ndi achilengedwe, ndipo ndikukayika ngati timabotolo tina ta malambe toyeretsa khungu m'masiku atatu tilibe zomwezo mkati, chifukwa mafuta a malambe enieni sayeretsa munthu.

Pempho langa likupita kwa angapo. A Malawi Bureau of Standards atithandize ndi muyezo wosavuta wa mafuta oyenga pamudzi, umene gulu la amayi khumi lingaukwanitse popanda kugulitsa mbuzi zonse: botolo loyera, dzina la mtengo, dzina la gulu, mwezi woyengera, ndi mawu akuti odzola, osamwa. A bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA) ayang'ane amene akulengeza kuti mafuta amachiza khansa, shuga ndi kusabereka, chifukwa wonena zimenezo wasiya kugulitsa zodzola, wayamba kugulitsa mankhwala. Ophunzira a m'masukulu a ukachenjede a KUHeS, Bunda ndi MUST, m'malo mongolemba mayina a mitengo n'kusunga m'mashelefu, atenge mafuta a nsatsi a paphale, a msikidzi ndi a mpinjipinji akawayese, adzatiuze m'Chichewa kuti awa amathandiza chakuti, awa ayi, awa amasungika miyezi yakuti. A National Herbarium ku Zomba ndi a zankhalango atithandize mbande. Ndipo popeza Malawi analowa nawo m'pangano la Nagoya la 2010, limene limati eni luso ndi eni mitengo azipindula nawo zinthu zawo zikapita kunja, wina adzatifotokozere kuno kumudzi kuti mlendo akabwera ndi kope kudzafunsa agogo mayengedwe a mafuta, tizimufunsa chikalata chanji.

Kwa amayi anzanga a m'mabungwe a mpingo ndi a banki m'khonde, pitani kwa achikulire amene atsalawo akuphunzitseni manja awo asanaleke kugwira munsi. Kuyenga sikufuna ngongole. Kumafuna phale, mtondo wapadera, mphika, nkhuni ndi tsiku limodzi. Mukayenga, gulitsani monena zoona: awa ndi a ming'alu, awa ndi a khungu lotuwa, awa ndi a tsitsi. Wogula akapola ming'alu adzabweranso ndi mnzake.

Inunso a Mkonzi muli ndi mbali yanu. Tumizani mtolankhani kuno nyengo ya malambe adzaone milu ya njere zotayidwa, adzakhale tsiku lonse pambali pa mphika wa nsatsi ajambule mmene mafuta amayandamira. Ndipo wina akabwera ku ofesi kwanu ndi ndalama kuti mumulengezere mafuta osungunula zotupa, muyambe mwamufunsa chilolezo cha PMRA musanamupatse mpando.

Mzamba wopuma,
Mtakataka, Dedza